Kafukufuku ndi mfundo za boma: umboni wa m'minda ya fodya kwa Kaomba

Mfundo iliyonse ya boma yokhudza ulimi imachokera pa zomwe akuluakulu akukhulupirira kuti zikuchitika kumudzi. Akamagawa makuponi a feteleza, akamaika mtengo woyambira kugulira fodya, kapena akamakambirana kuchuluka kwa chimanga choti chikhale m'nkhokwe za dziko, amakhala ali ndi chithunzi cha mlimi m'mutu mwawo. Ntchito ya kafukufuku ndi kuyesa ngati chithunzicho chili choona. Dera la Mfumu Kaomba, lomwe lili m'mbali mwa tauni ya Kasungu, laona mbali zonse ziwiri: phindu lomwe limabwera boma likamvera zomwe ofufuza apeza, komanso misozi yomwe imagwa umboni ukanyalanyazidwa kapena ukangotengedwa mwatheka.

Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo moyo wa ambiri mwa iwo umayendera fodya, mbewu yomwe imabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja m'dziko lino. Kuno ndiko kuli okushoni ya Chinkhoma, sukulu ya zaulimi ya Mwimba ya bungwe la ARET, komanso maesiteti ambirimbiri. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa 40 ofufuza a m'dziko muno ndi akunja akhala akupondaponda m'midzi ya kuno ndi mafunso awo.

Momwe umboni umapezekera

Njira yodziwika kwambiri ndi yoyenda khomo ndi khomo. Wofunsa amakhala pakhonde ndi mwini nyumba, kale ali ndi pepala ndi pensulo, masiku ano ali ndi tabuleti, n'kumafunsa kukula kwa munda, matumba omwe adakolola, mwezi womwe chimanga chidatha m'nkhokwe, ndi masiku omwe banjalo lidapita kuganyu. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachita kafukufuku wotere m'dziko lonse pakapita zaka zingapo, ndipo ziwerengero za umphawi zimachokera pamenepo.

Njira yachiwiri ndi yoyesa mbewu ndi feteleza, kaya kumalo a kafukufuku monga Chitedze kapena m'minda ya alimi eniake. Yachitatu ndi yochita maere: makalabu kapena midzi yofanana imagawidwa pawiri, gulu lina lilandira chinthu chatsopano, lina lipitiriza monga kale, kenako zotsatira zimayerekezedwa. Njira imeneyi idatchuka padziko lonse, ndipo mu 2019 Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi Michael Kremer adalandira mphoto ya Nobel chifukwa choigwiritsa ntchito pofufuza za umphawi. Yachinayi ndi younika pulogalamu yomwe ikuchitika kale, kuti zidziwike ngati ikufikira anthu oyenera ndi ndalama zomwe ikudya.

Njira iliyonse ili ndi polekezera. Manambala a khomo ndi khomo amaonetsa kukula kwa vuto koma kawirikawiri safotokoza gwero lake. Maere amaonetsa chomwe chidathandiza pamalo amodzi m'chaka chimodzi, ndipo sizitanthauza kuti chithandizanso kwina. Ndi chifukwa chake mfundo yolimba imafuna umboni wochokera mbali zingapo.

Lamulo lomwe linkatsekera mlimi kunja

M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kudali ku Kasungu komweku, lamulo la mbewu zapadera linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale ndi wa fulu. Mlimi wa kumudzi ankaloledwa mitundu ina, monga fodya wa chikopa, ndipo ankayenera kugulitsa ku ADMARC pamtengo womwe bungwelo laika. Boma linkanena kuti chuma chikukula, ndipo pamanambala a dziko lonse zinkaonekadi choncho.

Mu 1982 Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen adasindikiza kafukufuku yemwe adaonetsa mbali ina ya nkhaniyo. Adapeza kuti ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono motsika kwambiri poyerekeza ndi momwe inkagulitsira, ndipo phindulo linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani ena. Ulimi wa kumudzi utasiya kulipira, anthu ambiri adasamukira kumaesiteti kukagwira ntchito kapena kukakhala matenanti. Mu 1990 Richard Mkandawire, Steven Jaffee ndi Sandra Bertoli adaonetsanso kuti maesiteti adali atapitirira 14,000, ndipo ambiri adali aang'ono, a alimi omwe adasandutsa malo a makolo kukhala a lizi n'cholinga chongopeza chilolezo cha fodya wa bale. Kasungu adali patsogolo pa mchitidwe umenewu.

Umboniwu udagwiritsidwa ntchito pa zokambirana za boma ndi World Bank komanso USAID, ndipo kuyambira nyengo ya 1990/91 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale kudzera m'makalabu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alimi otere adali oposa 300,000, ndipo bungwe la NASFAM lidabadwa kuchokera m'makalabu omwewo. Zigafa zomwe zili kuseri kwa nyumba zambiri kwa Kaomba ndi chipatso cha kusintha kumeneku. Komabe kafukufuku adatenga zaka pafupifupi khumi kuti asinthe lamulo, ndipo adamveka pokhapokha atagwirizana ndi zofuna za omwe ankapereka ngongole ndi thandizo.

Sitata paki ndi njala ya 2002

M'nyengo ya 1995/96 gulu la akatswiri lotchedwa Maize Productivity Task Force lidayesa feteleza m'minda ya alimi yoposa 1,500 m'dziko lonse. Lidapeza kuti langizo limodzi la feteleza silingakwanire dothi lonse la Malawi, komanso kuti mbewu zamakono zokonoleka monga MH17 ndi MH18, zikapatsidwa feteleza wochepa, zimachulukitsa zokolola. Pamenepo ndi pomwe padachokera sitata paki ya 1998/99: kaphukusi ka mbewu ya chimanga, feteleza ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, kokwanira kachigawo kakang'ono ka munda, koperekedwa kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni. Zaka ziwiri zomwe pulogalamuyi idafikira aliyense, dziko lidakolola chimanga chambiri.

Kenako pulogalamuyi idachepetsedwa. Mu 2000/01 idafikira mabanja 1.5 miliyoni pansi pa dzina la TIP, ndipo chaka chotsatira pafupifupi 1 miliyoni okha. Ounika pulogalamuyi, motsogozedwa ndi Sarah Levy ndi Carlos Barahona, adapeza kuti kusankha osaukitsitsa m'mudzi momwe pafupifupi aliyense ndi wosauka kunkabweretsa mikangano, ndiponso kuti mphamvu ya sitata paki idali pa kufikira anthu onse, chifukwa chimanga chikachuluka mtengo umatsika kwa wina aliyense.

Nthawi yomweyo nkhokwe za dziko zidakhuthulidwa. Bungwe la IMF, potsatira kafukufuku wina, lidalangiza kuti chimanga chosungidwa chichepetsedwe kuchoka pa matani oposa 160,000 kufika pa 60,000. Chomwe chidachitika n'chakuti pafupifupi chonse chidagulitsidwa, mwanjira yomwe pambuyo pake idafufuzidwa ndi Anti-Corruption Bureau. Mu 2001 zokolola za chimanga zidatsika kuchoka pa matani 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Ziwerengero za Unduna wa Zamalimidwe zinkaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata n'zochuluka moti zikwirira kupereweraku, koma manambalawo adali okokomeza. Chakumapeto kwa 2001 bungwe la Save the Children UK lidafufuza m'midzi ya ku Mchinji n'kuchenjeza kuti njala yoopsa yayandikira. Chenjezolo silidamveke msanga, chifukwa linkatsutsana ndi manambala a boma, komanso ubale wa boma ndi maiko opereka thandizo udali utasokonekera kaamba ka nkhani ya nkhokwe ija.

ADMARC idakweza mtengo wa chimanga kuchoka pa K5 kufika pa K17 pa kilogalamu, ndipo m'misika ya mavenda udakwera kuposa pamenepo. Kasungu adali m'gulu la maboma omwe adavutika kwambiri. Anthu adagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya pamtengo wozizira, adadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo matenanti ambiri adasowa kolowera eni maesiteti atalephera kuwapatsa phoso. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi pa 27 February 2002, anthu atayamba kale kufa. Madzi akatayika saoleka. Chomwe chidatsalira ngati phunziro ndi komiti ya MVAC, yomwe idakhazikitsidwa chaka chomwecho kuti boma, mabungwe ndi opereka thandizo aziunikira limodzi za chakudya n'kutulutsa chiwerengero chimodzi chomwe onse angachikhulupirire.

Makuponi ndi ndale

Mu 2005/06 boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, FISP, ngakhale ena mwa opereka thandizo sadagwirizane nayo. Mlimi ankalandira makuponi a matumba awiri a feteleza, thumba lililonse pa K950 chaka choyambacho, ndipo kwa zaka zingapo padalinso makuponi a feteleza wa fodya. Ndi mapulogalamu ochepa mu Africa omwe afufuzidwa ngati imeneyi. Andrew Dorward ndi malemu Ephraim Chirwa adaiunika chaka ndi chaka, ndipo adapeza kuti idachulukitsadi chimanga, koma feteleza ankafika mochedwa, makuponi ena ankasowa panjira, ndipo mabanja opezako bwino ankalandira kuposa osaukitsitsa. Mu 2008/09 pulogalamuyi idadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti ya dziko. Kafukufuku wa Jacob Ricker-Gilbert, Thomas Jayne ndi Chirwa, wosindikizidwa mu 2011, adaonetsa kuti pa makilogalamu 100 alionse a feteleza wa makuponi, 22 ankangolowa m'malo mwa yemwe alimi akadagula okha.

Zina mwa zomwe ofufuza adapeza zidatsatidwa. Maina a olandira adayamba kusankhidwa pamsonkhano wa mudzi wonse pofuna kuchepetsa chinyengo, ndipo mbewu za mtundu wa nyemba zidaonjezedwa. Koma funso lalikulu, loti ndalama zochuluka chonchi zizipita ku feteleza yekha kapena zigawidwe ndi ulangizi, ulimi wothirira ndi kafukufuku, lakhala likuyankhidwa ndi ndale. Mu 2020 pulogalamuyi idakulitsidwa pansi pa dzina la AIP, thumba n'kukhala pa K4,495, pomwe akatswiri a MwAPATA Institute, IFPRI ndi LUANAR ankaonetsa kuti m'minda yambiri dothi laguga ndipo chimanga chomwe thumba limodzi limabereka n'chochepa. Nkhani ya makuponi ikuonetsa kuti pomwe pali mavoti, umboni umasintha kayendetsedwe ka pulogalamu mosavuta kusiyana ndi kukula kwake.

Maere m'makalabu a alimi

Pakati pa 2006 ndi 2010 alimi a ku Kasungu adatenga nawo mbali pa kafukufuku wa maere katatu, wotsogoleredwa ndi Xavier Giné wa World Bank ndi Dean Yang wa University of Michigan pamodzi ndi anzawo.

Woyamba, wa 2006, adakhudza alimi pafupifupi 800 a chimanga ndi mtedza. Ena adapatsidwa mwayi wa ngongole ya mbewu yokha, ena ngongole yophatikiza inshuwalansi yolipira mvula ikavuta. Akatswiri ankayembekeza kuti inshuwalansi ikopa alimi ambiri, koma zidatembenuka: omwe adatenga ngongole yokhala ndi inshuwalansi adali ochepa kusiyana ndi anzawo aja. Ofufuzawo adaganiza kuti mlimi ankadziwa kale kuti chilala chikagwa wobwereketsa sangamulande zambiri, choncho inshuwalansi inkangokweza mtengo wa ngongole. Zotsatira zotere n'zamtengo wapatali, chifukwa zimaletsa kuthira ndalama zambiri pa ganizo lomwe limangokoma pa pepala.

Wachiwiri, wa 2007, adakhudza alimi a paprika oposa 3,000 ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Dedza omwe ankafuna ngongole ku Malawi Rural Finance Company. Theka la makalabu lidadinditsa zala pamakina. Alimi omwe ankakayikitsa kwambiri pa kabwezedwe, atadinda chala, adatenga ngongole zocheperapo, adaika feteleza m'munda wa paprika momwe ankayenera, ndipo adabweza bwino kwambiri kuposa anzawo osadinda. Nthawi imeneyo dziko lino lidalibe chiphaso cha unzika. Chidabwera mu 2017, anthu oposa 9 miliyoni atalembetsa ku National Registration Bureau.

Wachitatu, wa 2009, ndi yemwe adakhudza alimi a fodya eniake, oposa 3,000. Aliyense wa kuno amadziwa momwe chaka cha fodya chimayendera. Nazale imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, kuwokera kumabwera ndi mvula yoyamba, kuthyola ndi kusoka kumagwa m'miyezi ya njala, kenako kusankha, kudinda mabelo pa jeke ndi kudikira galimoto ya ku Chinkhoma. Ndalama imabwera kamodzi, pakati pa April ndi August, ndipo imapeza angongole, achibale, fizi ndi malonda a pa tauni zili chire kudikira. Pofika November, nthawi yogula feteleza, m'thumba mumakhala mutauma. Akale adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ofufuza, mogwirizana ndi banki ya Opportunity, adapatsa alimi ena mwayi woti ndalama zawo za fodya zizilowa mu akaunti ya dzina lawo, pomwe ena adapitiriza kulandira pamanja. Nyengo yotsatira, omwe adapatsidwa mwayiwu adagwiritsa ntchito zipangizo zaulimi zochuluka ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo adapezanso ndalama zambiri atagulitsa mbewu.

Zotsatirazi zidafalitsidwa m'maiko ambiri ndipo zimaphunzitsidwa m'mayunivesite akunja. Kuno kwathu, Malawi Rural Finance Company idatsekedwa ndipo banki ya Opportunity idagulidwa ndi banki ina mu 2017. Umboni womwe ulibe mwini wake m'boma umatha kupita ndi bungwe lomwe lidaubereka.

Ana ndi matenanti

Palibe nkhani yoonetsa kuchedwa kwa umboni kuposa ya matenanti. Banja linkachoka kumaboma a kumwera komwe malo ndi osowa, monga Mulanje, Phalombe kapena Mangochi, n'kubwera pa esiteti. Mwini malo ankapereka mbewu, feteleza ndi phoso pangongole, ndipo fodya akagulitsidwa ankayamba wadula zonsezo. Popeza malipiro ankayendera kuchuluka kwa fodya, banja lonse linkalowa m'munda, ana omwe. Bilu yoteteza matenanti idalembedwa koyamba mu 1995 koma sidakhalepo lamulo, ngakhale bungwe la Centre for Social Concern ndi ILO adatulutsa malipoti angapo oonetsa ngongole zosatha ndi malipiro osakwanira.

Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti litacheza ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Anawo adafotokoza za mutu, chifuwa, kupweteka kwa m'mimba ndi kufooka. Mwana akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena kusoka masamba m'chigafa opanda zodzitetezera, chikonga chimalowa pakhungu, ndipo lipotilo lidati pa tsiku lachinyezi chimatha kufanana ndi cha ndudu 50. Mu 2012 boma lidatulutsa mndandanda wa ntchito zoopsa zoletsedwa kwa ana, ndipo ntchito za fodya zidalimo. Komabe kafukufuku wa National Statistical Office wa 2015 adapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 ankagwirabe ntchito zosayenera msinkhu wawo.

Zinthu zidasuntha msika utagwedezeka. Pa 1 November 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake pomuganizira kuti amalimidwa mokakamiza anthu ndi pogwiritsa ntchito ana. Makampani akuluakulu ogula fodya adayenera kupereka umboni wa momwe amalondolera alimi awo asanaloledwenso. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, patatha zaka 26 bilu yoyamba ija italembedwa. Umboni udalipo nthawi yonseyi, ndipo mbadwo wathunthu wa ana udakulira m'zigafa ukudikira.

Pomwe zidayenda bwino

Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osauka, idayenda njira ina. Idayamba mu 2006 ku Mchinji, boma loyandikana ndi Kasungu, ngati yongoyesera, mothandizidwa ndi UNICEF. Mu 2007 ndi 2008 akatswiri a Boston University ndi Centre for Social Research ya University of Malawi adayerekeza mabanja olandira ndi omwe adali asanayambe. Adapeza kuti olandirawo ankadya bwino, ana awo ankapita kusukulu, ndipo ambiri adagula nkhuku, mbuzi ndi makasu. Mantha oti ndalama yaulere ithera ku mowa kapena ibweretsa ulesi sadatsimikizike. Pulogalamuyi idakula pang'onopang'ono, ikuunikidwa pa sitepe iliyonse, mpaka kufika m'maboma onse 28 mu 2018. Chidasiyanitsa nkhaniyi ndi zina n'chakuti idali m'manja mwa unduna ndi makhonsolo kuyambira pachiyambi, ndipo mafunso omwe ofufuza ankayankha adali omwe akuluakulu a boma ankafunsa.

Zoyenera kuti umboni ugwire ntchito

Nkhani zonsezi zikuloza ku zinthu zingapo. Choyamba ndi nthawi: lipoti lofika bajeti itadutsa kale, kapena chenjezo lomveka anthu atayamba kufa, silipulumutsa munthu. Chachiwiri ndi kudalirika kwa manambala a boma, popeza chinangwa cha pa pepala cha 2001 chidachedwetsa thandizo. Izi zimafuna alangizi okwanira, oyenda m'minda, ndi ufulu woti anene zoona ngakhale zili zosakomera akuluakulu. Chachitatu ndi umwini. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma kafukufuku yemwe mafunso ake, ndalama zake ndi owerenga ake onse ali kunja amatha pomwe polojekiti yathera. Mabungwe monga LUANAR, Centre for Social Research, ARET ndi National Planning Commission, yomwe ikuyang'anira masomphenya a Malawi 2063, akufunika ndalama zokhazikika za m'dziko muno.

Chachinayi, chomwe chimaiwalika kawirikawiri, ndi kubweza mawu kwa omwe adafunsidwa. Malipoti ambiri amalembedwa m'Chingerezi n'kukaululidwa m'mahotela a ku Lilongwe, pomwe mayi yemwe adasiya khasu maola awiri kuti ayankhe mafunso samva chomwe chidapezeka. Njira zofikitsira uthengawo zilipo kale: makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, khonsolo ya Kasungu, makalabu a alimi, mawailesi a m'madera ndi mabwalo a mafumu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, limalola nzika iliyonse kupempha malipoti amenewa.

Kufunika kwa zonsezi kukukula. Mu 2023 Malawi adavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo boma likulimbikitsa soya, mtedza ndi mbewu zina kuti dziko lisadalire fodya yekha. Mlimi wa kwa Kaomba asanagwetse chigafa chake akufunika kudziwa mbewu yomwe ikugwirizana ndi dothi lake, msika wake, ndi phindu lomwe lingatsale atachotsa zonse zomwe walowetsa. Mayankho a mafunso amenewa ayenera kufufuzidwa m'minda ya kuno, kufotokozedwa m'Chichewa kwa eni minda, ndi kufika kwa aphungu ndi a unduna mfundo isanamangidwe.